Njerwa, Nkhuni ndi Chikwama cha Boma

Chaka chilichonse mvula ikakata, m'madambo ndi m'mphepete mwa misewu ya dziko lino mumayambika ntchito imene Mmalaŵi aliyense amaidziŵa. Anyamata amakumba dothi, kuliponda ndi kuliika m'zikombole. Zidina zikauma amazisanja kukhala uvuni, ndipo pofika mwezi wa Seputembala utsi umakhala uli tolotolo usana ndi usiku. Wodutsa m'njira amati kumeneko ndiko kutukuka, ndipo sanama, pakuti njerwa zoterozo ndizo zinamanga masukulu, zipatala ndi nyumba za aphunzitsi zimene zilipo lero. Koma uvuni sudya udzu. Umafuna zipika zikuluzikulu zoti ziyake masiku angapo osazima, kotero kuti m'madera amene misuku ndi mibaŵa inatha kale, nkhwangwa yayamba kugwera ngakhale mitengo ya mango imene makolo anadzala.

Zikatere, chala chimaloza mmphaŵi amene wagwira nkhwangwa. Nkoyenera kufunsanso za amene wagwira chikwama, popeza munthu sadula mtengo wogulitsa popanda woti augule. Tsono mwa ogula onse a m'dziko, wamkulu koposa ndi Boma. Limagula choko ndi mapepala, mankhwala ndi mabulangete, galimoto ndi mafuta ake, nkhuni za m'makhitchini a ndende ndi a masukulu ogonera komweko, ndiponso limalipira amisiri omanga. Chimene Boma lavomera kugula chimachuluka pamsika. Chimene lakana chimayamba kuchepa. Nchifukwa chake kagulidwe ka katundu wa Boma, kamene ambiri amakayesa nkhani ya makalaliki okha, kasanduka nkhani yokhudza nkhalango, mitsinje ndi nyengo.

Mphamvu ya wogula wamkulu

Mayi wogula nkhuku imodzi pamsika amatenga imene waipeza. Koma mwini hotela wogula nkhuku zambirimbiri sabata iliyonse ndiye amauza oŵeta mtundu wa nkhuku zoti aŵete, ndipo posakhalitsa ngakhale mayi uja amapeza mtundu womwewo pamsika. Boma lili ngati mwini hotelayo. Lipoti limene bungwe la World Economic Forum linatulutsa m'chaka cha 2022 linaŵerengera kuti maboma a pa dziko lonse lapansi amagula katundu ndi ntchito za madola pafupifupi 11 thiriliyoni pachaka, ndi kuti zogula zimenezi zimabweretsa magawo 15 pa magawo 100 alionse a mpweya umene ukutenthetsa dziko. Mpweya umenewu, makamaka wa kaboni, umatuluka poyaka nkhuni, malasha, petulo ndi dizilo. Ukaunjikana mumlengalenga umasunga kutentha monga momwe bulangete limachitira, ndipo nyengo imasokonekera.

Kuti mphamvu ya wogula wamkulu ioneke bwino, mpofunika kuyang'ana kaye kunja, kumene njirayi yayesedwa zaka zambiri. Ku United States, m'chaka cha 1992, nthambi ya Boma yoona za chilengedwe inakhazikitsa chizindikiro chotchedwa Energy Star, choikidwa pa makompyuta osadya magetsi ambiri. Mu Epulo 1993 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti maofesi a Boma azigula makompyuta okhala ndi chizindikirocho. Sanaletse kampani iliyonse kupanga makina amene ifuna, ndipo sanauze munthu wamba choti agule. Koma eni mafakitale ataŵerengera anaona kuti kutaya wogula wamkulu chotero nkudzipha, ndiponso kuti kupanga mitundu iŵiri ya makina, wina wa Boma wina wa anthu, nkuwononga ndalama. Motero kompyuta yodziŵa kuchepetsa yokha magetsi ikakhala yosagwiritsidwa ntchito inafala kwa aliyense. Chakumapeto kwa chaka chomwecho analamulanso kuti pa magawo 100 alionse a pepala lolembapo m'maofesi a Boma, magawo 20 azichokera ku mapepala akale, ndipo pofika 1998 muyesowo unakwera kufika pa 30.

Komabe dziko lomwelo laonetsanso pamene njira imeneyi imafookera. M'chaka cha 2015 Pulezidenti Barack Obama analamula kuti nthambi za Boma zichepetse mpweya wotenthetsa dziko ndi magawo 40 pa 100 pofika 2025. M'chaka cha 2018 Pulezidenti Donald Trump anachotsa lamulolo. Pa 8 Disembala 2021 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo lina lalikulu kuposa loyamba lija, lokhudza nyumba za Boma pafupifupi 300,000, galimoto pafupifupi 600,000 ndi zogula za madola 650 biliyoni pachaka. Linati pofika 2030 magetsi onse a Boma akhale osatulutsa kaboni, ndipo pofika 2035 galimoto zonse zatsopano zogulidwa ndi Boma zikhale zosatulutsa utsi. Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe anabwerera pampando, a Trump analifafaniza nalonso. Onseŵa anali malamulo a Pulezidenti yekha, osadutsa ku nyumba ya malamulo, ndipo chimene chalembedwa ndi dzanja la munthu mmodzi chimafufutidwanso ndi dzanja la munthu mmodzi. Mwini fakitale amene makina ake adzabweza ndalama patapita zaka khumi amachita mantha kudalira lonjezo limene lingathe pa chisankho chotsatira.

Dziko la Japan linatsata njira ina. M'chaka cha 2000 nyumba yake ya malamulo inavomereza lamulo la kagulidwe kosamala chilengedwe, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2001. Lamuloli limakakamiza unduna uliwonse kulengeza chaka ndi chaka zimene ukufuna kugula motsata miyeso yoikidwa, kenaka nkuululanso poyera zimene wagula. Nduna zazikulu zambiri zasinthana pampando kuchokera nthaŵi imeneyo, koma lamulolo likadalipo. Tsono maphunziro ake ndi aŵiri: chikwama cha Boma chikhoza kusintha msika, ndipo chimatero pokhapokha ogulitsa akhulupirire kuti mawu a Boma sadzasintha maŵa.

Lamulo la njerwa la 2018

Malaŵi naye ali ndi chitsanzo chake, ndipo chitsanzocho ndi njerwa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ana ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Njira imene inathandiza inali yodzithandiza, imene anthu anaizoloŵera kuyambira masiku a Sabata ya Achinyamata ndipo inapitirira m'ntchito za MASAF: Boma libweretse malata, simenti ndi mmisiri, mudzi uumbe ndi kuwotcha njerwa. Midadada yambiri inamangidwa motero, ndipo palibe angainyoze. Koma zinali zodabwitsa kuti Boma limene kuyambira 1976 lakhala likutsogolera anthu kudzala mitengo chaka ndi chaka, linalinso kulandira njerwa zimene zinadya mitengo ikuluikulu. Dzanja lina linkadzala mbande, linzake likusonkhezera uvuni.

M'chaka cha 2018, kudzera m'bungwe la National Construction Industry Council, Boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotchedwa ndi nkhuni pa zomangamanga za Boma, za mabungwe ndi za malonda, ndi kulamula kuti pazigwiritsidwa ntchito zipangizo zosawononga chilengedwe monga mabuloko a simenti ndi njerwa zadothi zosawotcha. Apa Boma linachita chomwe chija chinachitika ndi makompyuta a ku America. Linayamba ndi kudziletsa lokha pamodzi ndi omanga akuluakulu, ndi chiyembekezo chakuti opanga zipangizo zatsopano akachuluka, mtengo wake udzatsika mpaka munthu wamba adzazikwanitsa.

Wina akhoza kufunsa kuti: kodi dziko losauka chotere livutikirenji ndi mpweya wa kaboni? Funsoli lili ndi maziko. Mmalaŵi mmodzi amatulutsa pafupifupi tani 0.1 ya kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha pachaka, pamene munthu mmodzi wa ku United States amatulutsa matani pafupifupi 14. Ngakhale mauvuni onse a m'Malaŵi atazima lero, kutentha kwa dziko lapansi sikungatsike mooneka. Nzoona kuti m'chaka cha 2021 Malaŵi analonjeza, potsata pangano la ku Paris, kuti pofika 2040 adzachepetsa mpweya wake ndi magawo 51 pa 100 poyerekeza ndi mmene ukanakhalira popanda kuchitapo kanthu; koma mwa magawo amenewo, 6 okha ndiwo analonjeza kuchita ndi chuma chake, otsalawo akudalira thandizo lakunja.

Chifukwa chenicheni chili pafupi, m'mapiri ndi m'mitsinje. Mtengo umene umasunga kaboni ndi womwewo umagwira dothi ndi kuchepetsa liŵiro la madzi. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limakathera kumeneko. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kugwera anthu a ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha Kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusoŵa. Sikungakhale chilungamo kunena kuti njerwa zokha ndizo zinameta mapiri. Makala, nkhuni zophikira ndi kutsegula minda zinachita zazikulu. Koma mwa zonsezi, njerwa za midadada ya Boma ndizo Boma lingaziletse popanda kuthamangitsa munthu m'nkhalango, pongokana kuzilipira. Akale anati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu: mtengo wodulidwa kuti mdadada utsike mtengo umabwerera ku thumba la Boma ngati mlatho wokokoloka ndi makina a magetsi odzaza matope.

Simenti nayo ili ndi utsi wake

Kuyamikira lamulo la 2018 sikutanthauza kutseka maso pa zovuta zake, ndipo zovutazo nzenizeni. Choyamba, simenti si yoyera monga momwe ena amaganizira. Popanga simenti, miyala ya laimu imawotchedwa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo kaboni amatuluka paŵiri: ku moto wowotcherawo, ndiponso m'mwala mwenimwenimo pamene ukusweka. Mafakitale a simenti amatulutsa magawo 7 kapena 8 pa 100 a kaboni yense wa pa dziko lapansi. Kuchoka pa njerwa kupita ku buloko kumapulumutsa mtengo wa m'mudzi, koma utsi wina umangosamukira ku fakitale.

Chachiŵiri ndi ndalama. Dothi ndi laulere, simenti ndi yogula. Ndipo ngakhale kuti simenti imapangidwa m'dziko muno, monga ku Kasungu ndi ku Mangochi, kwa zaka zambiri ina yakhala ikuchokera kunja, kotero mtengo wake umakwera ndalama zakunja zikasoŵa. Chachitatu chikukhudza sukulu mwachindunji. Anthu a kumudzi ali ndi manja, alibe ndalama. Njerwa ndiyo inali chopereka chawo chachikulu. Akauzidwa kuti njerwa zawo sizikulandiridwa, chimene chawatsalira ndi kututa mchenga, miyala ndi madzi. Ngati Boma silionjezera ndalama kuti likwirire mpata umenewu, mdadada sumangidwa konse, ndipo mwana amabwerera pansi pa mtengo uja. Chachinayi, kuumba njerwa ndi ganyu imene imadyetsa mabanja ambiri m'chilimwe. Chachisanu, buloko limanamiza maso: wopanga wadyera akhoza kuchulukitsa mchenga kuti thumba limodzi la simenti libale mabuloko ambiri, ndipo bodza lakelo limadzaululika khoma litang'ambika.

Njira imene imayankha zambiri mwa zovutazi ilipo kale, ndiyo njerwa zadothi zosawotcha. Dothi losefedwa limasakanizidwa ndi simenti pang'ono, magawo 5 mpaka 10 pa 100, nkutsinderedwa mwamphamvu m'makina oyendetsa ndi manja, kenaka nkumathiriridwa madzi pamthunzi kwa masabata angapo mpaka litalimba. Nkhuni sizifunika. Popeza njerwazi zimatuluka zofanana ndi zowongoka, matope a simenti omangira amaloŵa ochepa. Koposa zonse, ntchito yokumba, kusefa ndi kutsindira imatsala m'manja mwa anthu a m'mudzi, kotero chopereka chawo sichitayika. Chimene chimasoŵa kaŵirikaŵiri ndi makinawo, mmisiri wodziŵa kuyesa dothi, ndi chitsimikizo chakuti wogula alipo. Zitatu zonsezi zili m'manja mwa wogula wamkulu. Khonsolo ya boma ikalengeza kuti midadada yake ya zaka zisanu zikubwerazi idzamangidwa ndi njerwa zotere, zoyesedwa kulimba kwake zisanalipiridwe, mnyamata amene dzulo ankasanja uvuni adzapeza chifukwa chokongolera ndalama nkugula makina. Kuletsa kokha kumamlanda ganyu. Kulonjeza kugula kumampatsa ntchito.

Mtengo wa lero ndi mtengo wa maŵa

Pali chopinga china chimene chili m'kati mwa maofesi. Malamulo a kagulidwe ka katundu wa Boma, kuyambira la 2003 kufika la 2017 limene linakhazikitsa bungwe la PPDA, anapangidwa makamaka pofuna kuteteza ndalama za msonkho kwa akuba ndi osakaza. Cholinga chimenechi nchoyenera, ndipo amene akukumbukira nkhani ya Cashgate ya 2013, pamene ndalama za Boma zinkalipiridwa pa katundu amene sanaperekedwe, sangachipeputse. Koma zotsatira zake nzakuti wogwira ntchito m'Boma amaphunzira kuti posankha wogulitsa, chitetezo chake chili pa mtengo wotsikitsitsa. Akasankha chodula, ngakhale chikhale chokhalitsa, ayenera kuyankha mafunso.

Khitchini ya sukulu yogonera komweko imaonetsa bwino vutoli. Kuphika pamafuwa sikufuna ndalama zoyambira, koma kumadya lole ya nkhuni pambuyo pa lole inzake, teremu ndi teremu. Mbaula yaikulu yomangidwa mwaluso imafuna ndalama zambiri tsiku loyamba, komano imadya theka la nkhunizo kapena kucheperapo, ndipo ophika sapuma utsi wochuluka. Woŵerengera zaka zisanu amaona kuti mbaulayo ndiyo yotchipa. Woŵerengera teremu imodzi amaona mafuwa. Ndipo popeza ndalama zomangira ndi ndalama zogulira nkhuni kaŵirikaŵiri zimachokera m'matumba osiyana, amene angamange mbaula si amene adzapindule ndi kuchepa kwa nkhuni, kotero palibe amene amayamba. Maiko amene apita patsogolo pa nkhaniyi amalola, ndipo ena amalamula, kuti poyerekeza mitengo aziŵerengera moyo wonse wa chinthucho: kugula, mafuta kapena magetsi ake, kukonza, ndi kutaya kwake.

Apa mpofunika kuchenjera. Mawu akuti "chosamala chilengedwe" akasiyidwa opanda muyeso, akhoza kusanduka khomo latsopano la katangale, loloŵera amene akufuna kupatsa mnzake ntchito pamtengo wokwera. Mankhwala ake ndi miyeso yoŵerengeka, yolembedwa poyera mpikisano usanayambe: buloko lipirire kulemera kwakuti, mbaula idye nkhuni zakuti pophika chakudya chakuti, galimoto iyende makilomita akuti pa lita imodzi. Mankhwala achiŵiri ndi aja a ku Japan. Unduna uliwonse ndi khonsolo iliyonse itamaulula chaka ndi chaka kuchuluka kwa nkhuni, dizilo ndi magetsi zimene yagwiritsa ntchito, ndi mtundu wa zipangizo zimene yamangira, aphungu, atolankhani ndi anthu wamba akhoza kuona okha ngati lamulo likutsatidwa. Chinthu chosaŵerengedwa sichidziŵika ngati chikuchepa kapena chikuchuluka.

Mutu ukakula suleŵa nkhonya

Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. M'chaka cha 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, ndipo zilango za owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo zinakula. Munthu amene walandidwa njinga ndi matumba ake pamsewu ali ndi ufulu wofunsa kumene kunachokera nkhuni zimene zikuyaka m'khitchini ya ndende imene angatsekeredwemo. Ngati yankho lake silikudziŵika, ulaliki wonse wa kusamala mitengo umamveka ngati lamulo la amphaŵi okha. Boma limene lasesa pakhomo pake limalankhula ndi mphamvu, ndipo mphamvu imeneyo imafunikanso pamene nthumwi zake zikupempha maiko olemera kuti alipire zimene utsi wawo wawononga.

Aphunzitsi ali pamalo abwino pa nkhani imeneyi, pakuti sukulu ndiyo nyumba ya Boma imene ili pafupi ndi mudzi uliwonse. Mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu akhoza kufunsa, mdadada usanayambe, kuti udzamangidwa ndi chiyani ndipo zipangizozo anaziyesa ndani. Akhoza kulemba nkhuni zimene khitchini yadya pa teremu, ndi kusunga munda wa mitengo wa sukulu kuti nkhunizo zisamachokere m'phiri. Kwa achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akusoŵa ntchito ya muofesi, lamulo la 2018 ndi chizindikiro cha kumene msika ukuloŵera: kuumba mabuloko oona, kuyesa dothi, kumanga mbaula zikuluzikulu ndi kuika magetsi a dzuŵa ndi maluso amene wogula wamkulu adzawafuna, malinga ngati asunga mawu ake. Kusunga mawuko ndiko kudzaŵeruze nkhani yonse. Lamulo likamatsatidwa pa mdadada uwu nkuiŵalika pa mdadada uwo, wogula makina adzaluza, woumba uvuni adzaseka, ndipo phiri lidzapitirira kumeteka.

Gawo lotsatira la nkhani ino lidzafotokoza za galimoto za Boma ndi mafuta amene zimamwa.